Za Kugawa ndi Kuoka Masitiroberi m'Dimba la Pakhomo

Kwa inu eni mabanja a m'midzi ya kumapiri,

Mau a m'tsamba lino ali kwa inu amene muli ndi kabedi ka masitiroberi kuseri kwa nyumba kapena m'mbali mwa dimba, ndi kwa inunso amene mulingalira kuyamba mbeu iyi chaka chino. Chimene tifuna kukuuzani ndi chimodzi, ndipo tichinena poyamba pomwe kuti chisatayike m'kati mwa mau ambiri: bedi la masitiroberi likabala zaka ziwiri mulipasule, lingakhale liri lobiriwira ndi lokoma m'maso, mutenge ana a mapata abwino okha okha, nimuwaoke pa nthaka yina. Ambiri a inu simutero. Mulisunga bedi zaka zinai kapena zisanu, ndi kunena kuti munthu wanzeru sazula chinthu chamoyo. Ndipo chaka ndi chaka zipatso zichepa, nizikhala zazing'ono ndi zowawasa, kufikira mwini atopa, nanena kuti nthaka yache yakana mbeuyo. Komatu nthaka siinakane iai. Chimene chakana ndicho ukalamba wa phata, pamodzi ndi nthenda zimene zaunjikana m'menemo.

1. Kumene mbeu iyi inachokera, ndi malo amene ifuna

Masitiroberi amene tilima lero anabadwira m'minda ya anthu zaka zosakwana 300 zapitazo. M'chaka cha 1714 mwamuna wina wa ku France, dzina lache Amédée-François Frézier, anabwerera kwao kuchokera ku Chile atatenga mapata asanu amoyo a mtundu wobala zipatso zazikulu, umene anthu a dziko lija analima kuyambira kale. Mapata asanuwo anali ndi maluwa achikazi okha okha, chotero pa okha sanabale kanthu. Koma anayanga, natulutsa ana, ndipo anawo anagawidwa m'minda yambiri. Pamene alimi a ku Brittany anawaoka pafupi ndi mitundu yina, umodzi wa iyo ndiwo wa zipatso zazing'ono zofiira wochokera kum'mawa kwa North America, mungu unasakanizika, ndipo m'zaka za m'ma 1700 munatuluka mtundu watsopano, umene ophunzira za zomera autcha Fragaria × ananassa. Umenewo ndiwo uli m'dimba mwanu.

M'mbiri iyi muli zinthu ziwiri zoyenera kuzisunga. Choyamba, popeza mbeu iyi ndi yosakanizika, tinjere tija tiri pa khungu la chipatso sitibweza mtundu wa mai wache. Mukatifesa mudzapeza zitsamba zosiyana-siyana, zambiri za izo zachabe. Chifukwa chache masitiroberi achulukitsidwa ndi ana a pa zingwe zoyanga, kapena ndi kugawa phata. Chachiwiri, mwana wa pa chingwe ndi thupi limodzi ndi mai wache: alandira kukoma kwa mai, alandiranso nthenda ya mai. Pa mau awa pakhazikika zonse zimene tinene m'munsimu.

Mbeu iyi ikonda malo okwera ndi ozizira. Ali yense amene anakwerapo phiri la Zomba adziwa kuti m'mbali mwa mseu agulitsa masitiroberi olimidwa komweko. Ndipo malo ena okwera, monga mapiri a Dedza, a Ntcheu ndi a Viphya, ali ndi mphepo yofanana nayo. Masiku akakhala afupi ndi ozizira, chitsamba chimanga maluwa. Akakhala atali ndi ofunda, monga m'dzinja, chileka maluwa nichitulutsa zingwe. Ndicho chifukwa chache ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja munthu aona masamba ndi zingwe zambiri, koma zipatso zowerengeka. Inu a kuchigwa musadzivute nayo mbeu iyi. Madzi anu muwapatse mapapaya ndi nthochi, zimene zidzakubwezerani.

2. Chifukwa chache bedi lakale libwerera m'mbuyo

Pakati pa masamba, pamene chitsamba chikomana ndi nthaka, pali tsinde lalifupi lonenepa; pamwamba pache pali mtima, pamene patuluka masamba atsopano ndi maluwa. Tsinde limeneli litalika pang'ono chaka ndi chaka, ndipo mizu yatsopano ituluka pamwamba pa mizu yakale. Zikapita zaka zitatu tsinde lakwera pamwamba pa nthaka, ndipo mizu yatsopano itulukira pa mphepo, niuma isanafike pansi. Mizu yakale nayo yada, yaleka kumwa madzi. Chitsamba chotere chikhala ndi ludzu chingakhale chathiridwa.

Kuwonjeza apo, tsinde limodzi ligawika kukhala mitima inai, isanu kapena yoposa, yonse yakudya pa mizu imodzi. Maluwa achuluka, inde, koma chakudya sichichuluka; chotero m'malo mwa zipatso zazikulu zowerengeka mutola tizipatso tambiri tosakoma, timene wogula sayang'anako. Ndipo ana a pa zingwe, mukawaleka, adzala m'mipata yonse kufikira bedi likhala ngati mphasa. Mphepo siipita pakati, mame sauma, ndipo chuku chotuwa chigwira zipatso zisanapse. Kapinga ndi dawe zilowa pakati pa mizu, pamene khasu silikhoza kufika.

Koma choopsa koposa ndi chimene sichioneka. Nsabwe za m'masamba, poyamwa chitsamba ichi ndi icho, zinyamula tizirombo ta mavairasi. Ndipo chitsamba chikalandira vairasi sichichira konse, pakuti palibe mankhwala opopera amene aichotsa. Poyamba simudzaona kanthu koma kuchepa kwa zipatso. Pambuyo pache masamba akwinyika, achita chikasu m'mphepete, ndipo chitsamba chipinimbira. M'nthaka namo muchuluka nthenda zoolitsa mizu ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Zaka zikachuluka, zonsezi zichuluka nazo. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Bedi lakale lobiriwira liri chomwecho.

3. Zimene mudzayankha, ndi yankho lathu

Ena mudzati, Tikapasula bedi titaya zipatso za chaka chathunthu. Sikutero iai. Mwana wamphamvu wookedwa m'mwezi wa Malichi kapena wa Epulo abala m'chaka chomwecho, kuyambira m'nyengo ya chisanu kufikira dzuwa litakula. Ndipo njira yabwino ndiyo kukhala ndi mabedi awiri, lina la chaka choyamba, lina la chaka chachiwiri. Chaka chiri chonse mupasule lachiwirilo, nimuoke latsopano. Chotero nyumba yanu siidzasowa zipatso chaka chiri chonse, ndipo simudzakhala ndi phata lokalamba.

Ena mudzati, Malichi ndi Epulo manja onse ali kumunda, ndipo chimanga, mtedza ndi nyemba sizidikira. Mau awa ndi oona, ndipo sitinena kuti muleke nkhokwe chifukwa cha chipatso. Koma taonani kuchepa kwache kwa nchitoyi. Bedi lotambalala mita 1 ndi kutalika mamita 5 lilandira zitsamba 32. Kulilima ndi nchito ya m'mawa umodzi, ndipo mukhoza kuichita m'mwezi wa Febuluwale. Kuoka ndi nchito ya madzulo amodzi ya anthu awiri. Yerekezani ndi ndowa za madzi zimene mai ndi ana asenza miyezi isanu ndi umodzi kuthirira bedi lakale losabala. Nchito yotayika ndi imeneyo.

Ena mudzati, Tidzathira manyowa kapena feteleza, ndipo lidzatsitsimuka. Manyowa achiza njala, koma sachiza vairasi, ndipo satsitsa tsinde limene lakwera. Feteleza wambiri pa bedi lakale apatsa masamba akuda obiriwira ndi zipatso zofewa zoola msanga.

Chimodzi tivomereza. Ngati bedi lanu la zaka ziwiri liri loyera, lopanda chitsamba chopinimbira, ndipo chaka chimenecho mwasowa ana abwino, mukhoza kulisunga chaka chachitatu: mupatulire, muchotse masamba akale, nimuunjikire nthaka yosakaniza ndi manyowa kuzinga tsinde, osakwirira mtima. Koma kumeneko ndi kupempha chaka chimodzi chokha, musachiyese mwambo.

4. Kusankha amai

Nchito ya kuoka iyamba miyezi isanu ndi umodzi lisanafike tsiku lookera, ndipo apa ndi pamene ambiri alakwa. Adikira kufikira bedi ladzala zingwe, natenga ana ali onse amene dzanja lagwira. Koma pa nthawi imeneyo palibe chipatso, ndipo palibe munthu akhoza kudziwa phata labwino ndi loipa. Choipa china ndi ichi, kuti kawiri kawiri phata losabala bwino ndilo litulutsa zingwe zambiri, popeza mphamvu yache siinapite ku zipatso. Chotero wotola mwachisawawa achulukitsa mtundu waulesi.

Tsono chitani chotere. Pamene zipatso ziri kupsa, m'mwezi wa Ogasiti ndi wa Seputembala, yendani m'bedi la chaka choyamba, nimuyang'ane phata liri lonse. Limene liri ndi masamba akulu, osalala, obiriwira mofanana, ndi zipatso zambiri zazikulu zokoma, mulikhomere kamtengo pambali. Limene liri ndi masamba okwinyika, achikasu m'mphepete, kapena lofota masana nthaka iri yonyowa, mulizule tsiku lomwelo ndi mizu yache, nimulitenthe. Musaliponye pa dzenje la manyowa. Amai anai kapena asanu akwanira bedi la zitsamba 32, pakuti mai mmodzi wamphamvu akhoza kukupatsani ana 8 kapena 10 abwino.

Mvula ikagwa, amai aja adzatulutsa zingwe. Pa mai ali yense musiye zingwe zinai kapena zisanu, ndipo pa chingwe chiri chonse musunge mwana woyamba ndi wachiwiri, amene ali pafupi ndi mai. Kupitirira apo mudule, pakuti ana akumapeto ali ofooka. Mwana ali yense mumkhazike pa nthaka yofewa, nimupanikize chingwe ndi kamwala kapena kamtengo kopinda, kuti mphepo isamsunthe. Patapita masabata anai kufikira asanu ndi limodzi adzakhala ndi mizu yache. Pamenepo mudule chingwe cholumikiza ndi mai, nimumleke pomwepo sabata limodzi kuti azolowere kudzidyetsa yekha, musanamkumbe. Zingwe za mapata osasankhidwa muzidule zonse.

5. Kugawa phata

Njira ya ana a pa zingwe ndiyo iposa, ndipo ndiyo tikulangizani. Koma pali mitundu yina yosatulutsa zingwe zambiri, ndipo nthawi zina mbuzi kapena nkhuku ziononga ana. Pamenepo mukhoza kugawa phata lenileni. Musankhe phata lathanzi la chaka chimodzi kapena ziwiri, lokhala ndi mitima itatu kapena inai, limene munalikhomera kamtengo. Mulithirire dzulo lache, kuti nthaka ifewe. Mulikumbe lonse ndi khasu, kuyambira patali ngati chikhato chimodzi kuti mizu isaduke, nimukutumule dothi pang'ono pang'ono kufikira muona pamene mitima ilumikizana.

Tsono mulekanitse mitimayo ndi zala, kapena ndi mpeni wakuthwa wotsukidwa bwino, kotero kuti mtima uli wonse utenge mizu yache yoyera kapena yofiirira pang'ono. Mtima wopanda mizu muutaye. Tsinde lapakati, lolimba ngati mtengo, la mizu yakuda, mulitaye nalonso, lingakhale liri lalikulu koposa onse. Kukula kwache ndi kwa ukalamba. Ndipo musanaoke, muyese chotere: tengani mtima umodzi, muung'ambe pakati ndi mpeni. Ukakhala woyera m'kati, phata liri bwino. Ukakhala wofiira kapena woderako m'kati, phata lonse liri ndi nthenda yoolitsa; mulitenthe, nimutsuke mpeni musanagwire lina. Kutaya mtima umodzi poyesa kuposa kudzaza bedi latsopano ndi nthenda.

Mtima uli wonse muuchotsere masamba akale ndi maluwa, musiye masamba awiri kapena atatu ang'ono. Mizu yotalika koposa muidule kuti itsale masentimita 10 kapena 12. Mizu ya mbeu iyi iuma msanga ndithu. Chifukwa chache zimene mwakumba muziike m'dengu pamthunzi, zofunditsidwa ndi chiguduli chonyowa, ndipo musakumbe zoposa zimene mudzaoka tsiku lomwelo.

6. Nthaka yatsopano

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kuoka ana abwino pa nthaka imene mwazulapo bedi lakale ndiko kuwapereka ku nthenda zomwe zija zinatha amai ao. Pamalo pamenepo padikire zaka zitatu kapena zinai pasanabwerenso masitiroberi. Pakali pano mubzalepo mpiru, kabichi, anyezi kapena chimanga chachiwisi. Musaokenso pamene panali matimati, mbatatesi, mabiringano kapena tsabola zaka zapafupi, pakuti mbeu izi zisiya m'nthaka nthenda yofotetsa imene igwiranso masitiroberi.

Musankhe malo a dzuwa la tsiku lonse, pafupi ndi madzi, koma posadikha madzi. Mbeu iyi ifuna chinyezi, koma mizu yache ikakhala m'matope iola. M'dimba la m'dambo mukweze bedi masentimita 15 kapena 20 pamwamba pa njira. Nthaka yabwino ndi yofewa, ya mchenga pang'ono, ya manyowa ambiri. Ndipo popeza mbeu iyi ikonda nthaka yowawasa pang'ono, musathire phulusa lambiri kapena laimu monga muchita ndi mbeu zina. Mulime mozama ngati khasu limodzi ndi theka, mutole mizu yonse ya kapinga ndi dawe, nimusakanize ndowa imodzi ya manyowa oola bwino pa mita iri yonse ya bedi. Manyowa a m'khola osaola atentha mizu, naitana chiswe. Zonsezi zichitike masabata awiri kapena atatu lisanafike tsiku lookera, kuti nthaka ikhazikike.

7. Tsiku lookera

Nthawi yache ndi pamene mvula iri kutha, nthaka ikali yonyowa ndi yofunda, ndiko kunena Malichi ndi Epulo. Mukafulumira, mvula yamphamvu ikwirira mitima ndi dothi. Mukachedwa kufikira Juni, chisanu chipeza chitsamba chisanazike mizu, ndipo chidzabala pang'ono. Muoke madzulo, kapena tsiku la mitambo.

Pa bedi lotambalala mita 1 muike mizere iwiri yotalikirana masentimita 40, ndipo m'mzere zitsamba zitalikirane masentimita 30, ndiwo ngati phazi la munthu wamkulu ndi zala ziwiri. Mipata idzaoneka yaikulu, ndipo mtima udzakuuzani kuti muikemo zina, musaumvere. Mipata imeneyo ndi njira ya mphepo ndi dzuwa, ndipo ndiyo idzatchinjiriza zipatso ku chuku.

Mwana wa pa chingwe mumkumbe ndi dothi lache, nimumkhazike m'dzenje lomkwana. Mtima wogawidwa, umene ulibe dothi, muukumbire dzenje lakuya kokwanira kuti mizu itsike yoongoka ndi yotambasuka, yosapindikira m'mwamba. Ndipo tsopano tcherani khutu, pakuti pa chinthu chimodzi ichi pafera zitsamba zambiri koposa pa china chiri chonse: pakati pa tsinde pakhale molingana ndi nkhope ya nthaka. Mukazamitsa, dothi likwirira mtima, ndipo uola. Mukakweza, mizu yapamwamba ikhala poyera, niuma. Mizu yonse ikhale pansi, mtima wonse ukhale pamwamba. Mutsindire dothi ndi zala zonse kuzinga chitsamba. Ndipo kuti mudziwe ngati mwatsindira bwino, kokani tsamba limodzi pang'ono: chitsamba chikasuntha, tsindiraninso. Mutatha, muthirire bwino, nimubwerenso m'mawa mwache kuona ngati madzi sanakwirire mtima kapena kufukula mizu. M'mera m'poyamba.

8. Kusamala zitaokedwa

Masabata awiri oyamba muthirire tsiku ndi tsiku ngati mvula siinagwe, ndipo dzuwa likawala kwambiri muzike timasamba ta nthochi kapena tinthambi pambali kuti tichite mthunzi. Tsamba latsopano likatuluka pa mtima, mudziwe kuti chitsamba chagwira. Pamenepo muchotse mthunzi, nimuthirire kawiri kapena katatu pa sabata, monga mwa kuuma kwa nthaka. Mizu yambiri ya mbeu iyi ikhala m'masentimita 15 a pamwamba. Chifukwa chache siipirira chilala, ndipo siifuna khasu pafupi. Udzu muuzule ndi manja. Madzi muwathire pansi, m'mawa, osati pa masamba ndi zipatso.

Maluwa amene atuluka m'mwezi woyamba muwabudule, ngakhale dzanja likana. Chitsamba chaching'ono chikasenza zipatso chisanazike mizu chikhala chopinimbira chaka chonse; chikayamba chakula, chidzabweza zimene munabudula ndi kuonjezapo. Zingwe zonse zotuluka m'nyengo ya zipatso muzidule, pakuti chitsamba sichikhoza kulera ana ndi kubala pamodzi.

Zitsamba zitagwira, muyale udzu wouma wopanda njere pakati pa mizere ndi pansi pa masamba, kusiya kampata kuzinga mtima. Inu okhala pafupi ndi nkhalango za paini mukhoza kuyala masamba ache ouma. Chophimbira ichi chisunga chinyezi, chiletsa udzu, ndipo chikweza zipatso kuti zisagone pa dothi. Koma muzichifukula nthawi ndi nthawi kuona chiswe ndi nkhono. Dzuwa likakula, m'mwezi wa Seputembala ndi wa Okutobala, muyang'ane kunsi kwa masamba, pamene pabisala akangaude ofiira ang'ono ngati fumbi. Iwo akonda bedi louma, ndipo masamba amene awagwira kwambiri muwabudule ndi kuwatentha. Apumbwa ndi nkhuku adziwa chipatso chakupsa inu musanachione. Mpanda wabwino ndi ukonde wakale woyala pa timitengo zithandiza.

9. Za kupatsana mbeu, ndi za amene adzadya

Kupatsa n'kuika, ndipo mwambo wakupatsana mbeu pakati pa abale ndi anansi ndi wabwino. Ndiyo njira imene mbeu iyi yayendera m'midzi. Koma mwambo womwewo ukhoza kuyendetsa nthenda mudzi wonse. Munthu akapasula bedi la zaka zisanu, nagawira anansi ache mapata akale kuti asatayike, ayesa kuti wachita chifundo, koma wawapatsa nchito ya chaka chopanda phindu. Chotero popatsa, mupatse ana a mai amene munamkhomera kamtengo, otere amene mukadaoka m'dimba lanu lomwe. Polandira kapena pogula, mupemphe kuona bedi limene achokera, makamaka pa nthawi ya zipatso. Muyang'ane mizu ngati iri yoyera. Ndipo mbeu yachilendo muyambe mwaioka payokha, patali ndi bedi lanu, kufikira mwaona makhalidwe ache. Ndipo ngati mapata onse a m'mudzi mwanu apinimbira, musataye nthawi ndi kusankha pakati pa odwala. Funsani mlangizi wa zaulimi wa kwanu kumene mungapeze mbeu yoyera, nimuyambenso.

Musakuzenso bedi koposa madzi anu ndi msika wanu. Chipatso ichi sichionjeza kukoma chitathyoledwa, chifukwa chache chiyenera kupsera pa chitsamba. Ndipo chikapsa sichikhala masiku oposa awiri kapena atatu popanda pozizira. Muchithyole m'mawa mame atauma, pamodzi ndi kaphesi kache, nimuchiike m'nsengwa yosazama, pamthunzi. Wokhala pafupi ndi mseu waukulu kapena tauni akhoza kukuza mabedi, napeza ndalama m'miyezi imene munda wa chimanga uli gone. Wokhala kutali alime za nyumba yache yokha.

Ndipo inu eni mabanja, musatumize zonse kumsika. M'magalamu 100 a masitiroberi muli mamiligalamu oposa 50 a vitamini C, monga muli m'lalanje. Ndipo zipatso izi zipsa mango asanayambe, pamene ana asowa chipatso pakhomo. Ana amene asenza madzi othirira ayenera kulawa zoyamba.

10. Nchito ya chaka mwachidule

M'Ogasiti ndi m'Seputembala, musankhe amai, nimutenthe odwala. Zipatso zikatha, mupasule bedi la zaka ziwiri. Kuyambira Disembala kufikira Febuluwale, mulere ana a pa zingwe za amai osankhidwa. M'Febuluwale, mukonze bedi latsopano pa nthaka yina. M'Malichi ndi m'Epulo, muoke. M'Meyi, muphimbire ndi udzu, nimuleke kubudula maluwa. Kuyambira m'chisanu, mutole zipatso.

Nchito izi ziri zazing'ono, koma iri yonse iri ndi mwezi wache, ndipo ikapitirira mwezi wache siibweranso kufikira chaka china. Pakhomo pafunika munthu mmodzi wakuzikumbukira ndi kulamula kuti bedi lokalamba lizulidwe, pamene ena onse alimvera chisoni. Munthu ameneyo ndinu. Ngati pakhomo panu pali bedi limene simukumbuka chaka chimene linaokedwa, pitani mukaliyang'ane sabata lino, mufukule phata limodzi, nimuone mizu yache ndi maso anu.